Nyimbo ya Amuna Anga Ichotsedwa M'gemu ya Mwana Wathu, Iwo Sakudziwa

Aphungu,

Ndine mayi wosoka zovala, ndipo mundilole ndiyambe ndi kudzitama, chifukwa vuto langa labadwira momwemo. Mwana wanga wachisamba, mtsikana amene aphunzitsi ankati amangoyang'ana pawindo, lero akupanga gemu ya mpikisano wa magalimoto, ija yosewera pafoni ndi pakompyuta. Iye ndi anzake achita lendi chipinda pamwamba pa shopu ya penti. Ndinakwerako tsiku lina kukasiya makatani. Ndinapeza mawaya ali balala pansi ngati mizu, fani ikulira, anyamata andevu zawo akukangana za mtundu wa utsi wa matayala. Pakati pawo panali mwana wanga, mahedifoni ali m'khosi, ndipo akatsegula pakamwa onse ankakhala chete. Ndinatsika masitepe aja ndikudzimva kutalika.

Ntchito yake yaikulu ndi kanema wamfupi amene amaoneka gemu isanayambe. Magalimoto amandanda, mbendera imatsika, matayala amalira pakona, kenako dzina la gemu limatulukira mu utsi. Iye akuti munthu akapanda kugunda mtima pamenepo, gemu yonseyo sailawa n'komwe.

Tsono anthu a ntchito imeneyi ali ndi kachitidwe kawo. Salumikiza zithunzi popanda nyimbo. Nyimbo yeniyeni isanapekedwe, amatola iliyonse yothamanga bwino n'kuikapo mongogwirizira, kuti adziwe podula chithunzi. Ine ndinamva msanga, chifukwa nanenso ndisanaponde makina ndimayamba ndalumikiza nsalu ndi ulusi woyera, wosoka patalipatali, woti ndidzausolole diresi ikatha.

Mwana wangayo, posowa nyimbo yogwirizira, anatola kaseti yakale ya bambo ake.

Amuna anga amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ophunzira anawapatsa dzina loti a Mabuleki, ndipo sanaphonye. Tikakhala pamsewu njinga zimatipitirira, wopalasayo n'kutipatsa moni, n'kufunsanso za ana. Koma paunyamata wawo anali ndi bandi, ndipo anajambulitsa nyimbo imodzi yokha, yothamanga ngati munthu wopirikitsidwa ndi galu. Ndi nyimbo imene anandifunsira nayo banja. Mawu a mkazi amene amakuwa kumbuyo gitala ikakwera ndi anga.

Lamlungu lina mwana anabwera ndi kompyuta yake kudzationetsa pomwe wafika. Sindinama, Aphungu, zinakhala. Ng'oma ikagunda, giya ikulowa. Gitala ikakwera, galimoto yofiira ikudumpha mlatho. Pomwe ine ndikukuwa, ndi pomwe ikupitirira inzake pakona. Bambo ake anaimirira kapu ili m'manja nati, "Bwezanso." Anabweza. "Bwezanso, mwanawe, sindinaone bwino." Tiyi anazizira ali chiimire. Ndinaona mwana akutsegula pakamwa kuti afotokoze, koma ataona bambo ake akupukuta magalasi osada, anatsekanso.

Kuyambira tsiku limenelo palibe amene sanamve kwa amuna anga kuti nyimbo yawo ili m'gemu. Wometa tsitsi akudziwa. Othira mafuta akudziwa. Wophunzira wawo wina, mayi wonenepa wogulitsa nsapato, anabwera kudzandidandaulira kuti, "Amayi, ine ndinapita kukaphunzira livesi, koma ndikubwerako ndi kolasi ya nyimbo yawo." Amuna angawo afukulanso woimba ng'oma wawo wakale, munthu woti tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo awiriwo amakhala pakhonde kugunda ndowa yanga. Ine bambowo andiuza ndiwasokere jekete ya mabokosi akuda ndi oyera ngati mbendera ya mpikisano, yodzavala tsiku loonetsa gemuyo kwa anthu muholo, kumapeto kwa mwezi uno. Ndasoka kale, yangotsala kolala.

Sabata yatha mwana anabwera kushopu kwanga, n'kukhala pampando wa makasitomala, osavula ndi chikwama chomwe. Anati, "Amayi, nyimbo yeniyeni yafika." Waipeka ndi mtsikana wina amene anamupatsa ntchitoyo kalekale. Anandiveka mahedifoni. Aphungu, ndinkafuna ikhale yoipa. Ndinaimvetsera monga ndimayang'anira diresi yosoka telala mnzanga, kufunafuna msoko wokhota. Sindinaupeze. Imayamba ndi kugunda kumodzikumodzi ngati mtima, kulira kwa injini kumalowa m'nyimbomo osalimbana nayo, ndipo mbendera isanatsike imati zii kaye. Ya bambo ake, ukaimvera pa mahedifoni, imasokosera ngati mvula padenga, ndipo mawu ake ndi a mnyamata wolonjeza mtsikana mipando ya pabalaza uku magalimoto akugundana.

Anzake a mwanayu agawikana. Ena akuti yakale ikhale, ili ndi kakomedwe kake. Iye akuti, "Amayi, si kuti ikuposa, makutu athu angoizolowera, taimva miyezi yonseyi." Mawu omaliza ndi ake, poti kanemayo walumikiza ndi iye, ndipo mtima wake uli pa yatsopano. Koma potuluka anaima pakhomo nati, "Ababa ndikawayang'ana bwanji? Muwauze ndinu, mumawadziwa."

Ine ndakhala ndi bamboyu nthawi yaitali, ndipo sindinawaonepo akuyenda mofulumira mpaka mwezi uno. Ndimuuze mwana angosiya ya bambo akeyo ikhale momwemo? Ndi kanema wamfupi, gemu singafe naye. Komanso, ndinene monga munthu wa makutu, pakona paja pomwe yofiira ikupitirira inzake, nyimbo yatsopanoyo ilibe mawu a munthu, ndipo pakuoneka ngati pakusoweka kanthu. Kapena ndingokhala chete, akadzimvere okha muholo atavala jekete? Ndithandizeni, kolala ikundidikira.

Ine,
Mayi E.T., telala wa kuseri kwa msika

Mayi E.T.,

Kudzitama kwanu ndakuvomereza, ndipo ndikuwonjezerapo. Mwalera mwana amene amatha kusiyanitsa chimene makutu ake azolowera ndi chimene ntchito ikufuna. Alipo akuluakulu a imvi amene sangathe zimenezo.

Ndiye musamuuze kuti asiye nyimbo ya bambo ake ikhale m'kanemamo. Kanemayo ndi wamfupi kwa inu, koma kwa iye ndi nkhope imene akuonekera nayo koyamba pamaso pa anthu a ntchito yake. Akaika nyimbo chifukwa choopa misozi ya kunyumba, anyamata andevu aja adzadziwa, ndipo tsiku lina akadzatsegula pakamwa sadzakhalanso chete. Inuyo simunaperekepo diresi ili ndi ulusi woyera chifukwa choti ulusiwo munaukonda.

Ngati anzakewo akukanganabe, mankhwala ake ndi osavuta. Atenge foni wamba, osati mahedifoni okwera mtengo, atsike masitepe, akaonetse anthu amene sanamvepo nyimbo ziwirizi. Ena ayambe ndi yakale, ena ndi yatsopano. Asawafunse kuti yabwino ndi iti, chifukwa anthu amayankha mwaulemu. Angoyang'ana amene akusendeza nkhope pafupi ndi foni, ndi amene akupempha kuti asewere. Osawauza kuti ina ndi ya bambo ake. Akumbukirenso kuti nyimbo ya bandi si ya munthu mmodzi: ikanati ikhale, akanayenera kupeza chilolezo cha onse amene anaimba nawo, mpaka wa ndodoyo.

Zokhala chete mpaka muholo ziiwaleni lero lomwe. Bambo amene wauza wometa tsitsi ndi othira mafuta, n'kukamva nyimbo yachilendo ali pampando wakutsogolo, sadzakumbukira kuti gemu inali yokongola. Adzakumbukira kuti mkazi wake ndi mwana wake ankadziwa, n'kumamuyang'ana akugunda ndowa.

Koma inu simukhala mthenga. Amene anatseka pakamwa Lamlungu lija ndi amene atsegule. Abwere sabata ino, masana, kunyumba, woimba ng'oma kulibe. Inu mukhale pambali pa amuna anu, muwiritse tiyi, musayankhulire aliyense. Anene mosazungulira kuti nyimbo ija inali yogwirizira, kuti anayenera kunena tsiku lomwe lija, ndipo apepese chifukwa cha kuchedwako, osati chifukwa cha kusankhako.

Akatero asatseke kompyuta. Aike kanema uja ndi nyimbo yatsopano, awapemphe bambo ake aombe m'manja mwa nyimbo yawo yakale. Mwanena nokha kuti chithunzi chilichonse anachidulira pa ng'oma yawo. Ndiye kuti mtsikana wopeka uja anachita kutsatira liwiro lomwelo kuti nyimbo yake ikwane. Manja awo adzagwera pomwe giya ikulowa, adzagwera pamlatho, adzagweranso pakona. Zimenezi si zowanyengerera, ndi zoona, ndipo adzazimva m'zikhato mwawo. A Mabuleki, munthu wopitiriridwa ndi njinga, ndi amene aika liwiro la magalimoto onse aja. Nkhani imeneyo ndi yokoma kuposa imene akuyenda nayo panopa, ndipo akakaifikitsa okha kwa wometa tsitsi sadzachita manyazi.

Mwana awasungirenso kanema woyamba uja, wa nyimbo yawo, awaikire pafoni. Ameneyo ndi wa pakhomo panu, abweze mmene angafunire. Akakwiya masiku angapo, asiyeni akwiye, musathamangire kukakonza zinthu kuchipinda cha pamwamba pa shopu ya penti.

Jekete malizani, kolala muikhazike bwino. Adzaivala monga bambo wa mtsikana amene wapanga kanemayo, ndipo muholo monsemo udindo umenewo adzakhala nawo okha.

Chenjezo langa likupita kwa inu, mayi. Kona ija mwaitchula kangapo m'kalata mwanu, ndipo mwaona nokha kuti pakusoweka mawu a munthu. Ine ndikudziwa mawu ake ndi a yani. Amuna anu auza wometa tsitsi, inu mwauza nyuzipepala. Musayerekeze kukanong'oneza mwana kuti pakona pokha asiyepo kakukuwa kaja. Musanakhale pambali pa a Mabuleki kuwatonthoza, yambani mwasolola ulusi wanu.

Aphungu