Sensa Yopanda Kadontho Kofiira

Likoswe, Chiradzulu

Achimwene Alufeyo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, inu, alamu ndi ana. Kuno tilipo. Mwendo wa amayi wayamba kupepuka, akufika kuchigayo okha. Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Sensa ya ekizozi munatumiza ija inafika. Ndaimanga ndekha pa galimoto pakhomo pano, chitenje m'chiuno, foni pambali ikubwereza mawu anu. Yakale inakanirira mpaka ndinaithira oyilo n'kulumikiza paipi ku sipanala. Zala ndasupuka. Koma nditabwezera waya wa batire n'kuliza injini, kanyali ka orenji kochenjeza kaja kanazima. Utsi wakuda watha, ndipo galimoto yasiya kumwa petulo ngati chidakwa.

Mukukumbuka kuti kanyaliko kanayamba titangoika maliro a mwamuna wanga Vincent. Sabata yonse ya maliro makiyi anali ndi akulu ake, a Chancellor. Iwowo ndi amene anauza abale kuti injini yatha, Sienta yathu yatsala ya masipeya basi, ndiye pogawa katundu wa malemu Loweruka lino aipereke kwa iwo, poti nawonso ali ndi Sienta. Akuti akundichotsera mtolo. Ine mpaka ndinagwada kuthokoza. Galimoto imene imadyetsa ana anga Tadala ndi Thandie pa msewu wa Limbe!

Tsono mverani. Vincent chitsulo chilichonse chatsopano akamanga ankachidontheza kyutekisi wanga wofiira wa m'zikhadabo, kuopa amakaniko osinthanitsa zitsulo. Tinkayambana nazo. Sensa anasintha chaka chatha, ine ndikumugwirira sipanala, ndipo anaidontheza. Imene ndamasulayi ndi yadzimbiri, yoola, kadontho palibe.

Dzulo ndinapita pa siteji ya Nguludi. A Chancellor anali atatsegula boneti, akuthira madzi. Ndinawapatsa moni waulemu, maso ali mu injini. Kadontho kali apo, psuu! Munthu kumasula sensa ya mng'ono wake, mng'ono wakeyo ali m'bokosi. Anandifunsa ngati ndalimba mtima. Ndinati ndalimba kwambiri.

Galimoto yathu ndaiphimba ndi lona, aliyense akudziwa kuti ndi yakufa. Loweruka ndiwasiya a Chancellor alankhule, alumbire, apukutenso misozi ngati akufuna. Akatha ndivundukula, ndiliza kamodzi, kenako ndipempha amalume awo atsegule boneti ya a Chancellor. Botolo la kyutekisi lidzakhala m'manja mwanga.

Sensa yoolayo ndaikulunga m'kansalu koyera. Ndidzagwada monga ndinagwadira tsiku lija, n'kunena kuti, "Alamu, gawo lanu pa katundu wa malemu ndi ili."

Pempho langa ndi limodzi. Ndikukudziwani, achimwene, ndinu a kwaya, mtima wanu ndi wofewa. Musawaimbire foni a Chancellor. Musauzenso amayi, angakawachenjeze poopa manyazi. Za kukhululuka mudzandiuze Lamulungu, ndidzamva. Ndikufuna munthuyu achite manyazi pamaso pa ana amene amafuna kuwagoneka ndi njala, ndipo pa siteji azimuloza mpaka akalambe.

Mupereke moni kwa alamu Ellina ndi ana, muwauze kuti nandolo wawo ndawasungira. Mulungu akusungeni inu, asungenso a Chancellor mpaka Loweruka, asadwale ngakhale chimfine.

Ndine mlongo wanu,
Agnes