Mapu a Tamanda Asiya Kuthawa

Achimwene a Crispin,

Pepani ndi zilembo zokhotazi, paja sukulu ndinalekera panjira. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja wasiya kutupa? Ife kuno ku Chilobwe tili bwino, mtima wanga wabwerera m'malo.

Mwana wanga Tamanda wapambana. Kuntchito anamuuza kuti apange tsamba la pa intaneti loti alimi a tiyi aziona pa foni pomwe yafika lole yotenga masamba. Mabwana anati likalephera, ntchitoyo apatsa wina. Ine chakudya chinasiya kulowa.

Akuti zomwe amalemba pa kompyuta sizipita pa foni zili choncho. Pali pulogalamu yomwe imayamba yazigaya, ngati masamba akalowa m'fakitale, ndipo ndi yomweyo imayang'anira tsamba lonse. Koma mapu oonetsa pomwe pali lole Tamanda sanapange yekha, anatenga opangidwa kale ndi anthu ena. Mapuwo amaoneka bwinobwino, ukangodina penapake, balala, pangotsala poyera.

Tsiku lomwe mapuwo anayamba kusowa ndinali nditapukuta galasi la kompyuta ndi kansalu konyowa. Ndinkati ndafufuta ndine. Nditamuuza, anaseka mpaka misozi, akuti amayi mapu si choko.

Vuto analipeza yekha. Pulogalamu ija ikamakonzanso tsamba imachotsa chilichonse chomwe sinaike yokha. Ndinakumbuka mpiru wathu kuseri kwa nyumba za pa esiteti, momwe otchetcha ankaudulira limodzi ndi udzu. Ndiye iye wawapatulira mapuwo malo awoawo, n'kuiuza pulogalamuyo kuti m'menemo isalowe, ikafuna kanthu izituma uthenga ili panja.

Lachisanu anaonetsa mabwana. Akuti wamkulu wawo anadina paliponse ngati akusaka nsabwe, mapu osasuntha. Ntchito ndi yake, achimwene! Ndinalulutira mpaka aneba kutuluka.

Pempho langa ndi ili. Mukatsikira ku Masambanjati mupemphe a Nuhu a kabaza akutsegulireni tsambali pa foni yawo yakale ija. Tamanda atumiza adiresi yake. Mutiuze chomwe chaoneka, musatinamize pofuna kutisangalatsa.

Moni kwa alamu anga a Marita, azakhali ku Mphuka ndi ana onse.

Chomwe sichinatheke ndi ichi: pa mafoni akale mapu akuchedwabe kutseguka, ndipo alimi ambiri ali ndi oterowo. Tamanda akuti akonza. Ine zokonzazo sindinazionebe.

Ndine mlongo wanu,
Teleza