Dzina Limene Ndinakonza pa Pepala la Timu

Liwaladzi,
Nkhotakota.
Lachinayi, 14 Ogasiti 2025.

Okondedwa achimwene Sharifu,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino ndipo kuzizira kwa ku Joni kwayamba kuchepa. Kuno tilipo, Alhamdulillah. Mwendo wa amayi wasiya kutupa, ayambanso kupita okha kukavuula chinangwa. Mphepo ya mwera yavuta sabata ino, asodzi ambiri sanalowe m'madzi.

Kalatayi ndapatsira a Jamali amene akukwera basi yobwera kumeneko Loweruka. Ndinayesa kukuimbirani kawiri koma simunayankhe, ndipo sindikukudandaulani, poti ndikudziwa mawu amene anthu akhala akukutumizirani pa foni. Komanso mumandidziwa, ndikamva munthu akupuma mbali inayo mawu amandithera. Papepala ndimatha kufufuta n'kuyambiranso. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Mukukumbukira mmene malemu ababa ankanenera za chikho cha mpira cha dziko lonse chija akamamvera wailesi. Ankati dzina lake limasintha malinga ndi kampani imene yaikapo thandizo, koma ochinyamula ndi omwewo omwewo, a ku Blantyre, a ku Lilongwe, mwina asilikali. Matimu a kumudzi ngati Mpasa Stars yathu amayamba kumenyana okhaokha m'boma, kenako m'chigawo, ndipo ukagonja kamodzi basi watuluka. Inu munasewera zaka zinayi, kutali kumene munafika ndi masewero achitatu. Chaka chino tinapambana asanu, mpaka mayere anatigwetsera Mudi Rockets ya ku Blantyre. A Bakari, bambo ake a Nasra wanu, amene akadali wapampando wa timu, ankayenda akuuza aliyense kuti Rockets inatengapo chikhochi kasanu ndi kamodzi, ankatchula ndi zaka zomwe, ngati akunyadira mlendo wolemekezeka amene akubwera kudzatimenya.

Mpira unali pa bwalo la ku boma chifukwa lathu lilibe mpanda. Tinapita pa malole atatu. Ine ndi Nasra tinanyamula majezi amene tinachapa dzulo lake, ndipo tinali kuwayala pa benchi motsatira manambala pamene a Lenard, mlembi wa timu, anabwera akuthamanga. Pepala limene analembapo maina a osewera linali m'thumba la shati ulendo wonse, linanyowa ndi thukuta. M'dzanja lina anali ndi fomu yoyera ya akuluakulu a mpira.

Anati, "Bushra, iwe dzanja lako ndi la sitampa. Takopera apa msangamsanga, akomishonala akudikira. Usadetse, fomu ndi imodzi yomweyi."

Ndinakhala pansi, fomu pabondo, n'kuyamba kukopera. Nditafika pa nambala naini ndinapeza palembedwa Sharifu Hamidu. Achimwene, ine ndinaganiza kuti a Lenard asokoneza. Naini inali yanu zaka zonse zija, ndipo ngakhale amayi akatopa amaitana mng'ono wanu Yusuf ndi dzina lanu. Jezi ya naini ndinali nditangoipereka kwa Yusuf ndi manja anga. Ndinanyamuka kuti ndikafunse. A Lenard anali ataima pakati pa azibambo a majekete, a ku Blantyre ndi a ku boma, akuseka nawo. Ndinaima kumbuyo kwawo ndi pepala, sanacheuke. Ndinatsegula pakamwa koma ndinalephera kuitana munthu wamkulu pagulu lotero. Ndinabwerera pa benchi n'kulemba Yusuf Hamidu, bwinobwino, chilembo chilichonse. Ndikuuzeni zoona, ndinakondwa mumtima kuti ndapeza cholakwa chisanafike kwa akuluakulu. A Lenard anasayina osawerenga n'kuthamanga nayo.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Chikhochi chili ndi lamulo loti munthu akasewerera timu imodzi, ngakhale pang'ono, sangasewererenso ina chaka chomwecho. Yusuf ali ku Dwangwa kodula nzimbe mu Epulo, analowa mphindi makumi awiri mu timu ya anzake a kuntchito pa masewero oyambirira, ndipo anagonja tsiku lomwelo. Atabwerera kuno komiti inatenga khadi lanu lakale, n'kuchotsa chithunzi chanu, n'kumatapo chake. Masewero asanu onse aja, papepala munkasewera ndinu. Komiti yonse inkadziwa, Yusuf ankadziwa, ine ndekha wochapa majezi palibe anandiuza. Tsiku la Rockets lija akomishonala anangoyang'ana zithunzi ndi nkhope, anawerenga anthu, sanafananize maina.

Za mpirawo mwaona kale pa foni, koma foni sinakuonetseni zonse. Rockets inatigoletsa mpira utangoyamba, anthu anayamba kunena kuti bola zisapitirire zisanu. Chigawo chachiwiri Yusuf anabweza ndi mutu. Kutatsala pang'ono kuti woimbira amalize, goloboyi wawo anataya mpira patsogolo pake, Yusuf anangoukankha. Ziwiri kwa chimodzi. Ndinaona a Bakari atakhala pansi m'fumbi, chisoti chili m'manja, akulira ngati mwana. Pobwerera malole ankayenda ngati maliro chifukwa anthu anadzaza msewu wa M5, mabasi a ku Mzuzu anaima akuliza mahutala. Amayi anamvera pa wailesi kunyumba. Akuti woulutsa ankangoti Yusuf Hamidu, Yusuf Hamidu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe m'mudzi muno amene anadabwa, poti ndi dzina lake.

Patapita masiku asanu ndi anayi kunabwera kalata yoti Rockets inadandaula, Mpasa Stars yachotsedwa m'chikho chifukwa chogwiritsa ntchito wosewera wosaloledwa, ndipo Yusuf asasewere mpira chaka chathunthu. Kalatayo sinanene kuti anadziwa bwanji. Ndiye anthu anayamba kufunafuna amene anaulula.

Apa ndi pamene anakumbukira mawu aja munatumiza pa gulu la timu pa foni titagonjetsa Rockets, oti, "Mukusewera ndi dzina langa osandiuza, ndibwera kudzatenga zigoli zanga." Ine ndinamva kuti munkaseka polankhula. Koma anawaliza kudoko, anawaliza kumsika, kuwaliza mobwerezabwereza mpaka kuseka kuja anthu anasiya kukumva. Ena anati munachita nsanje ndi mng'ono wanu. Ena anati kumeneko mumagona nyumba imodzi ndi ochemerera Rockets. Amayi anapita pa mjigo, azimayi amene anavina nawo sabata yathayo sanawayankhe moni. Lachisanu litafika, a Bakari anaima panja pa mzikiti swala itatha n'kunena anthu onse akumva kuti munthu wogulitsa mudzi wake sangamupatse mwana wawo, ndipo ndowa, ukwati wanu ndi Nasra wa mu Disembala uja, kulibe.

Achimwene, pano ndiyenera kuvomera chinthu china. Inenso ndinakukayikirani masiku awiri. Sindinauze munthu, koma ndinatero. Mundikhululukire.

A Lenard anapita ku Lilongwe kukachita apilo ndipo analephera. Lolemba anandipeza kunyanja ndikuchapa, pafupi ndi mabwato a kwa Sailesi. Anayamba ayang'ana uku ndi uku.

"Bushra, pa naini unalemba chiyani?"

Ndinati, "Yusuf. Paja munalakwitsa, ndinakukonzerani."

Anakhala pa bwato n'kugwira mutu. Kenako anandifotokozera za lamulo lija ndi za khadi. Anati ku Lilongwe anawaonetsa fomu yanga ndi khadi zili pamodzi pa tebulo. Palibe anaimba foni, palibe anaulula. Mlembi wa Rockets anangotenga mapepala awiriwo n'kuona kuti akusemphana, kenako anafufuza dzina la Yusuf n'kulipeza ku Dwangwa.

Sopo anandigwa m'manja, madzi anapita naye, sindinamutole. Ndinafunsa kawiri ngati akunena zoona.

Anati, "Tamvera, mwana iwe. Nkhaniyi ithere pano. Ine ndinasayina, iwe unalemba, tonse tili pompano. Anyamata ochemerera timu aja akamva, denga la amayi ako silikhala. Sharifu ali ku Joni, mwala sungafike kumeneko. Chaka chamawa anthu adzakhala ataiwala."

Ndinati, "Nanga Nasra?"

Anati, "Aaa, Nasra adzapeza wina, Sharifu adzapeza wina. Timu ndiye ndi imodzi, ikufunika mlembi."

Achimwene, a Lenard ndi munthu amene ankadya kwathu, amene munkamukweza pa njinga yanu popita kokonzekera. Ndinawayang'ana kumaso, chinthu chimene sindichita, kuti mwina akuseleula. Sanali kuseleula. Anandisiya ndi mawu oti ndine mtsikana wanzeru.

Lolemba lonselo sindinauze munthu. Ndikanatha kukhala chete, poti kukhala chete ndiye ntchito imene ndimaidziwa. Koma madzulo ake Nasra anadutsa ndi ndowa ya madzi pamutu, anandiona pakhonde, n'kutembenuzira nkhope kwina, osati mokwiya koma mwamanyazi, ngati iye ndiye watilakwira.

Lachiwiri m'mawa ndinauza amayi ndi Yusuf tikumwa tiyi. Yusuf anaika kapu pansi.

"Unakonza? Anakutuma ndani kukonza?"

Ndinati sindinkadziwa.

"Ukapanda kudziwa umafunsa. Pakamwa uli napo."

Amayi anati, "Iwenso pakamwa unali napo pamene ankamata nkhope yako pa dzina la mkulu wako."

Yusuf anatuluka osamaliza tiyi. Kuyambira tsiku limenelo akugona kwa anzake kudoko. Anthu a timu ina ya ku Lilongwe anali atatenga nambala yake mpira uja utatha, ndipo tsopano foni yawo sikupezeka. Sindikumuweruza.

Dzulo ndinapempha amayi kuti andiperekeze kwa a Bakari. Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Ataona amayi sanaimirire, anangoti, "Ngati mwabwerera nkhani ya mwana wanu uja, ndinamaliza." Amayi anati wabwera ndi nkhani ndi uyu. Ndinagwada patali pang'ono. Ndinali nditaloweza mawu onse panjira, koma atatuluka anatuluka ang'onoang'ono, mpaka a Bakari anati, "Kweza mawu, mama, mphepoyi." Ndinabwereza zonse, za thukuta, za fomu, za naini, ndi zimene a Lenard anaona ku Lilongwe.

Anasiya kusoka.

"Ndiye palibe anatigulitsa?"

Ndinati palibe.

"Lenard akudziwa zimenezi chibwerere ku Lilongwe, ndipo dzulo lomweli amamwa tiyi pakhonde panga akutukwana Sharifu?"



Anati, "Astaghfirullah. Chithunzi chija ndinagwira ndine, Lenard akupaka guluu. Ine ndi imvi zangazi. Kenako ndakaima pa mzikiti kunyoza mwana wa malemu mnzanga." Anapukuta kumaso ndi chisoti. "Ndinanena pagulu, ndikabweza pagulu, Lachisanu lomwe lino. Za chithunzi ndikanena ndekha. Koma anthu adzafunsa kuti ngati si Sharifu, nanga a ku Blantyre anadziwa bwanji. Ndikapanda kuyankha adzati ndikuteteza mkamwini. Ndikutchule?"

Amayi anati, "A Bakari, ndi mwana wamkazi uyu. Anyamata aja mukuwadziwa."

A Bakari anati, "Ndikufunsa mwini wake."

Ndinati, "Munditchule."

Anandifunsanso kachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi. Anati akauza anthu kuti wofuna kugenda denga la amayi ayambe wagenda lawo, ndipo akuganiza kuti amvera. Sindikudziwa ngati amvera. Mawa ndiye Lachisanulo. Pamene muziwerenga kalatayi zidzakhala zitachitika kale, ndipo mwina mudzakhala mutamva dzina langa pa foni, lili ndi mawu ena kutsogolo kwake. Ndinafuna mumvenso kwa ine, mwadongosolo, monga zinachitikira. Ndikuopa, sindinama. Amayi akuti ndipite kwa azakhali ku Kanyenda kwa sabata ziwiri, koma ndaganiza kuti mawa ndikhale pakhomo, ndipite pa mjigo nthawi imene ndimapita.

Ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, muyankhe foni a Bakari akaimba, akuti aimba Lachisanu madzulo, ndipo ndi munthu wamkulu, kupepesa kumuvuta, musamudule mawu. Chachiwiri, musatumize mawu aliwonse kwa a Lenard pa gulu lija, ngakhale oseka. Chachitatu, mumuimbire Yusuf. Musamulankhule za ine. Mungomuuza kuti zigoli zija munaziona.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala juzi ndipo musadumphe swala chifukwa cha ntchito. Azakhali a ku Kanyenda anapereka moni sabata yatha, zonsezi asanamve. A Jamali mudzawaona nokha. Yusuf sanandipatse moni woti ndikupatseni, ndiye sindilemba kuti wapereka.

Nasra anatiperekeza dzulo mpaka pa msewu. Njira yonse anangondigwira dzanja. Posiyana ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiike m'kalata. Anati ndikuuzeni kuti nsalu ya ndowa imene munatumiza, bambo ake analamula kuti ibwezedwe kwathu, koma iye anaibisa m'thumba la mpunga, ndipo telala akuyamba kuidula Lolemba.

Ndine mlongo wanu,
Bushra Hamidu.