Musachichape Chitenjecho

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo kuno kutsidya kwa nyanja, ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba.

Loweruka mwana wanga Tadala ananditengera kuyunivesite kwawo ku Loughborough kukaonera filimu ya bambo wina wa ku Japan. Anadzijambula yekha akupinda zovala za malemu mayi ake. Bamboyo analipo, ndipo filimu itatha, ophunzira ankangomufunsa za kamera. Palibe anamupepesa. Ndinapita kukamugwira dzanja n'kunena kuti pepani. Iye anawerama. Koma mumtima mwanga munali zii, ngati tsiku lija ndinkaonera maliro a amayi pafoni. Mpaka lero misozi sinabwere.

Mulungu akusungeni nonse. Mukamagawa zovala za amayi, mundisungireko chitenje chimodzi. Chonde musachichape.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati