Mpando wa Kanong'ono

Lolemba, 3 Malichi
Kanong'ono, mdzukulu wanga wogwira ntchito ku laibulale uja, wafika nkhope ili khwinya. Akuti Loweruka kuli msonkhano wa bungwe la oyang'anira malaibulale, ndiye anzake ongoyamba kumene ntchito amusankha akawapemphere malo mu komiti. Chaka chathunthu, chawo kumeneko n'kuyala mipando basi. Akawakaniza, onse asanu ndi awiri atulukamo m'bungwemo.
Ndati, "Asankha iwe? Iwe amene ukamayankhula ndimachita kukuyang'ana milomo?"

Lachiwiri, 4 Malichi
Wandiwerengera zomwe walemba. Masamba anayi! Ine ndamvapo "zikomo" wakumapeto yekha. Sindimunena mwanayu. Kutandala tsiku lonse ukuuza anthu kuti shii, mawu amathawira m'mimba.

Lachinayi, 6 Malichi
Anthu atatuluka mu laibulale ndamuimika pa kauntala, ine n'kukakhala kuseri kwa shelefu yomaliza, ya mabuku onenepa osabwerekedwa aja. Ndati pepala pansi. Nthano zanga zonse ndinazitola ndi khutu, ndipo chinsinsi n'chimodzi: sankha wakumbuyo kwenikweni, gonthi ngati ine, uziuza iyeyo.
"Agogo, muno sitikuwa."
"Nanga malowo ukapempha ndi manja?"
Kachinayi ndamumva. Kachisanu mlonda wabwera chothamanga.

Lachisanu, 7 Malichi
Mawu asasa. Ndamuletsa kuyankhula. Sizinamuvute.

Loweruka, 8 Malichi
Ndinamuperekeza, n'kukhala kukhomo. Holo yodzaza koma zii, ngati akulemba mayeso. Wapampando, mayi wa magalasi a pamphuno, nayenso wonong'ona. Kanong'ono anaimirira pepala lili m'manja, maso n'kundipeza ine kumbuyo kuja.
"Akuluakulu! Mipando yonse mwakhalirayi tayala ndife. Tikupemphako umodzi wokha!"
Chala cha wapampando chinangopita chokha pamlomo: "Shii!" Mayiyo anachiyang'ana chalacho ngati n'cha wina. Holo yonse kuseka, ena mpaka kuvula magalasi.
"Pepa mwanangu, n'chizolowezi," anatero. "Pitiriza, lero akumbuyo amveko."
Anapitiriza osayang'ananso pepala. Povota, manja anali m'mwamba mpaka kukhomo. Langanso, ngakhale sanaliwerenge.

Lolemba, 10 Malichi
Ndalowa mu laibulale kukakambira ana nthano, monga mwa masiku onse. Ndisanavule n'chipewa chomwe, mawu kuchokera ku kauntala uko:
"Agogo! Kalata ya komiti yabwera!"
Owerenga onse mitu dzuku.
Ndaika chala pamlomo.