Mafupa a Ng'ombe Ochokera kwa Alamu Anu

Achemwali a Jamilah,

Asalaamu alaikumu. Kuno ku Philippi tilipo, vuto ndi mphepo basi.

Kamfuno wanga sakutha, ndiye ndinapita kuchipatala. Adokotala akuti m'mafuta a m'mafupa muli maselo opanga tinthu toundanitsa magazi munthu akadzicheka, koma angawa achita ulesi. Alamu anu a Khalidi atangomva za mafupa, anathamangira kubutchala. Tsiku lililonse ndikutsopa mafupa a ng'ombe, iwo ali chilili pambali: "Tsopa, Zakiyya, mankhwalatu amenewo!" Agalu a aneba akundiyang'ana ngati ndawalanda mwamuna.

Nditawafotokozera adokotala, anaseka mpaka misozi. Kenako anasiya kuseka. Akuti Lachiwiri akandiboola fupa la m'chiuno kuti akayeze mafuta a m'mafupawo, ndipo ndisapite ndekha.

Amayi muwauze kuti ndanenepa. Zimenezo zokha n'zoonadi.

Mng'ono wanu,
Zakiyya