Martina Sabwerera ku Bulawayo

Kwa Kalembo, Balaka
21 Meyi 1956

Okondedwa Achemwali a Modester,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu a Wadson ndi ana nonse mukudzuka ndi mphamvu kumeneko. Kuno amayi ali bwino, ndipo thonje lawo layera munda wonse. Ine tchuthi changa chikutha, posachedwa ndibwerera ku koleji ya Makerere, koma sindingakwere sitima ndisanayankhe kalata ya alamu yolamula kuti mwana wanu Martina abwerere ku Bulawayo chifukwa akuti akuvutika ndi chilankhulo.

Ndiyankha mwaulemu koma mosapsatira: iyayi. Alamu ndi bambo wake, ndipo ndimawalemekeza, koma kwathu kuno mwana wa mlongo ali m'manja mwa malume wake. Mungaseke kuti ndevu zanga n'zowerengeka, komabe udindowo ndi wanga.

Zimene anamva alamu sizabodza. Mwanayu atafika ankangolankhula Chindebele, pakuti inu nomwe munasiya Chinyanja pakhomo panu, ndipo pa chimenechi sindikuyamikani. Anzake ankamutcha "kamtchona", iye n'kumabisala kuseri kwa nkhokwe. A Samson, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni, anagamula kuti ayambirenso Sabu A, pamodzi ndi tiana tamamina. Mwana woti anamaliza Sitandade 2 ndipo amawerengera kuposa ine!

Ndinapita kukawaona. Ndinati, "Aphunzitsi, chimene chikusowa mwa mwanayu ndi mawu, osati nzeru. Kodi ine nditafika ku Uganda osadziwa Chiganda, anandibweza ku Sabu A?"

Iwo anati, "A Lyford, za ku Makerere muzisiye pa siteshoni. Pano mwana amafunsidwa m'Chinyanja, amayankha m'Chinyanja."

Mawu anakwera ndithu, ndipo amayi atamva anandidzudzula. Koma tinapangana kuti mwezi ukatha Martina adzaime pamaso pa kalasi n'kufotokoza nkhani. Akalephera, atsikire ku Sabu A.

Pamenepo ndinaganiza kuti mwanayu akufunika munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Ndinapalasa njinga m'midzi kufunsa za anthu obwerako ku Rodeshiya, mpaka anandilozera kwa a Elliam, amene kale anabwera ndi mkazi wa Chindebele, a MaDube. Mayiwa akhala kuno zaka zambiri osamva chilankhulo chakwawo, popeza amuna awo anachiiwala.

Achemwali, mukanakhalapo! Nditapita naye kumeneko, Martina atangopereka moni wa Chindebele kuti "Salibonani", a MaDube anaponya lichero pansi, nandolo n'kumwazika bwalo lonse. Anamukumbatira akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo ine anandiiwala pa mpando mpaka dzuwa linapendeka. Kuyambira tsikulo Martina amapita kwawo masana aliwonse. Akamatola thonje kapena kutunga madzi, a MaDube amatchula chinthu m'Chindebele, kenaka m'Chinyanja, ndipo mwana akalakwa amamukoka khutu mwachikondi.

Tsiku la mayeso linali Lachisanu lapitali. Ine ndinaima pa windo. Martina anafotokoza za ulendo wake wa pa sitima, ndi za mlatho wa pa Zambezi umene munthu amayamba kuuwoloka ali ndi nzimbe yathunthu n'kufika tsidya atatsala ndi makoko. Mnyamata wina wovuta, dzina lake Kenneth, anakuwa kuti, "Bodza, kamtchona!"

Martina anatembenuka, manja m'chiuno. "Iwe Kenneth, mlatho umene unauonapo ndi mtengo wogwera pa khwawa. Khala chete, akulu akulankhula!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. A Samson anayesa kuumitsa nkhope koma analephera, ndipo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pakamwa pamenepa watengera amalume ake. Akhale mu Sitandade 3."

Choncho ndamulembetsa kale, osadikira chilolezo cha alamu. Ngati mkwiyo ulipo, ubwere kwa ine ku Kampala, usapite kwa mwana. Ndamuuzanso kuti Chindebele chake asachitaye. Dziko limene tikulimenyera lidzafuna ana odziwa kulankhula ndi anansi athu onse, ndipo sindilola aliyense kumuchititsa manyazi chifukwa cha chimene ali nacho choposa anzake.

Chonde mumutumizire diresi ya sukulu, pakuti watalika. A MaDube akupempha kuti wina akamabwera awatengereko mphalabungu zouma zakwawo.

Amayi akupereka moni, akuti chidzukulu chawo chayamba kuwayankha ndipo nyumba yasiya kuzizira. Moni kwa alamu, ndi kwa Lucius ndi Rose, amene ndikuyembekeza kuti muyamba kuwalankhula Chinyanja lero lomwe. Martina ali pambali panga pano, ndipo akuti ndilembe mawu ake momwe akunenera: "Amayi, ndakusowani kwambiri, koma musabwere kudzanditenga. Mubwere kudzandimva."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Lyford